Dropdown, mega menu kapena timizere titatu: menyu yoyenera webusaiti yanu ndi iti?

Amalawi amene tili ndi mabizinesi kuno ku Johannesburg, kaya otumiza katundu kumudzi, osoka zovala kapena ogulitsa zida za mafoni, tikamapangitsa webusaiti timalimbana ndi mitundu ndi zithunzi. Za menyu, mndandanda wa masamba a pa webusaiti, timasiyira wopangayo. Komatu menyu ndi imene imachititsa kuti kasitomala apeze yekha mtengo wotumizira firiji ku Mzimba, kapena atope n'kukufunsani pa WhatsApp zinthu zoti munazilemba kale.

Yofala kwambiri ndi dropdown, ija imatsika mukailoza. N'njofala chifukwa mu WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti, sivuta kupanga: mumangokokera dzina la tsamba kumanja pang'ono, basi lalowa pansi pa linzake. Kuphweka kumeneku n'kumene kumapusitsa. Munthu amayamba ndi Katundu, pansi pake Malawi, kenako Chigawo cha Kumpoto, kenako Mzimba, mitengo n'kukhala kumapeto kwenikweni. Pa kompyuta, dzanja likangopatuka pang'ono popita ku gawo lachitatu, zonse zatsekeka, kayambireninso. Pa foni ndiye kulibe kuloza, chala chimangogunda. Tsono mukagunda Katundu, litseguke tsamba lakelo kapena zioneke za pansi pake? Ma theme (maonekedwe a webusaiti opangidwa kale) ena amachita ichi, ena icho, ndipo mwini webusaiti sadziwa n'komwe chifukwa iye amaionera pa laputopu.

Vuto lenileni ndi kuzama kwake. Mu 1998, Kevin Larson ndi Mary Czerwinski a ku Microsoft anasanja mitu 512 m'njira zitatu. Ina inali ya magawo atatu, lililonse la mitu 8, ndipo ziwiri zinali za magawo awiri okha, 16 kenako 32, ndi 32 kenako 16. Anthu anachedwa kwambiri pa ya magawo atatu ija, ngakhale inkaoneka yaudongo. Gawo lililonse lowonjezera ndi mpata wina woti munthu alote molakwika kumene mwabisa chinthu. Ndipo wina akakuuzani kuti menyu isapitirire mitu 7, dziwani kuti nambalayi inachokera pa zimene George Miller analemba mu 1956 zokhudza zinthu zimene munthu angasunge m'mutu pakanthawi. Menyu saloweza, amaiona ndi maso.

Mega menu imathetsa vutoli poyala zonse pa bwalo limodzi lalikulu, timitu pamwamba, zinthu zake m'munsi. Jakob Nielsen, katswiri wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito mawebusaiti, anaiyamikira mu 2009, ndipo kwa sitolo ya katundu mazanamazana palibe yoiposa pa kompyuta, chifukwa wogula amaona machaja, mabatire ndi makava nthawi imodzi. Koma kuiika pa webusaiti ya masamba khumi kuli ngati kubwereka basi yonse pa Park Station kuti inyamule chikwama chimodzi. Pa foni imapindika n'kukhala mndandanda wautali, ndipo ngati munaikamo zithunzi, ndi data ya kasitomala imene ikupsa.

Timizere titatu tija, amati hamburger, si tachilendo ayi. Anatijambula ndi Norm Cox pokonza kompyuta ya Xerox Star ya mu 1981. Ubwino wake ndi woonekeratu: sitidya malo, ndipo magawo awiri amakwanamo bwino mukawasanja kuti azitseguka pogunda. Kuipa kwake n'kwakuti chobisika chimaiwalika. Bungwe la Nielsen Norman Group linapeza mu 2016 kuti menyu yobisika anthu amaigwiritsa ntchito mochepa ndiponso amachedwa nayo poyerekeza ndi yoonekera. Facebook inasamutsira zinthu zikuluzikulu pa mzere wa m'munsi mwa skirini ya iPhone mu 2013, Spotify n'kuchitanso chimodzimodzi mu 2016. Ine pamenepa ndiye ndimaima: zinthu zinayi kapena zisanu zimene anthu amadzera zikhale poyera, zotsalazo zilowe m'timizere, ndipo pambali pake palembedwe kuti Menu. Mabatani akhale aakulu. Malamulo a WCAG 2.2 a mu 2023, othandiza kuti olumala asavutike pa mawebusaiti, amati malo ogunda asachepere mapikiselo 24 mbali zonse, Apple imalangiza mapointi 44. Ganizirani mayi ali m'takisi yochokera pa Bree, foni m'dzanja limodzi, skirini yosweka pakona, dalaivala akuponda buleki pa loboti iliyonse. Kwa iyeyo 24 ndi yochepabe.

Ma breadcrumbs, kamzere kosonyeza pamene muli monga Poyambira, Mitengo, Mangochi, sapikisana ndi zitatuzi, amangozithandiza. Ambiri salowera pakhomo. Amafika pakati pa webusaiti kudzera pa linki ya mu gulu la WhatsApp kapena pa Google, ndiye kamzereka n'kamene kamawaonetsa njira yokwerera m'mwamba. Ngati magawo anu ndi awiri okha, mutha kukasiya.

Kwa wotumiza katundu uja, ndingachite chonchi. Pamwamba pakhale Mitengo, Masiku onyamuka, Kumene timatula, ndi Tiimbireni. Maboma onse 28 akhale pa tsamba limodzi, 6 a kumpoto, 9 a pakati, 13 a kummwera, aliyense ndi mtengo wake pambali. Wofuna Nkhata Bay aipeza ndi diso popanda kutsegula kanthu. Dropdown ikhalepo ngati ili ya gawo limodzi lokha, mega menu isiyireni wa sitolo yaikulu. Musanalipire wopangayo, perekani foni kwa achimwene kapena achemwali amene sanaionepo webusaitiyo, muwauze kuti apeze mtengo wotumizira njinga ku Mangochi, inu mukhale chete. Pamene chala chawo chaima n'kumazungulira, lembani, mukamuonetse wopangayo asanatseke ntchito.