Nyumba yaikulu kutali, kapena kadera kakang'ono pafupi ndi tauni?

Anzanga atatu andifunsa kale funso lomweli, ndiye ndingoyankhira pamodzi. Ndakhalapo malo atatu: fulati pakatikati pa tauni, nyumba ya bwalo lalikulu kunja kwenikweni kwa mzinda, ndi kuno tili panopa, kadera ka misewu inayi kuseri kwa paki.

Za fulati sindichulutsa gaga m'diwa. Ngati muli ndi mwana wongoyamba kuyenda, masitepe ndi khonde la m'mwamba sizidzakupatsani mtendere. Tinakhalamo miyezi 7 basi.

Nyumba ya kutali ndiyo inandipweteka, ndipo mpaka lero ikadali kukhosi. Lendi inali yotsika, zipinda zinayi, bwalo loti ana n'kumenyapo mpira. Chimene sindinawerengere ndi msewu. Ola limodzi popita, lina pobwera: maola 10 pa sabata, 40 pa mwezi. Ndiye kuti mwezi uliwonse sabata yathunthu ya ntchito inkathera pampando wa basi, popanda wondilipira. Ndalama imene ndinkati ndapulumutsa pa lendi inkapita ku thiransipoti, yanga, ya akazi anga, ya ana kusukulu.

Titasaina kale m'pamene mwininyumba anakumbukira kuti pali ndalama ya mlonda ndi ya zinyalala, zapadera, osati za mu lendi. Nanga bwalo lija? Ana ankalipondamo Loweruka ndi Lamlungu lokha, poti tinkanyamuka kusanache n'kufika kutada. Usiku wina wamng'ono atatentha thupi, ndinathera pafupifupi ola ndikungofunafuna galimoto.

Kuno lendi ndi yokwera ndipo zipinda n'zothina, sindingakubisireni. Koma munthu wamkulu amayenda pafupifupi makilomita 5 pa ola, choncho sukulu, chipatala, laibulale ndi paki zikakhala mkati mwa kilomita imodzi, ndi mphindi 12 wapansi, kapena 20 ngati mwana akuima pa galu aliyense. Pulofesa Carlos Moreno wa ku Paris anapatsa ganizo limeneli dzina loti mzinda wa mphindi 15 mu 2016. Ife tinalidziwira kumapazi. Msewu wathu sutulukira kwina, ndiye galimoto zodutsa n'zochepa, ndipo aliyense amadziwa kuti mwana uyu ndi wa nyumba iti.

Vuto lake ndi lomwelo limene limakopa anthu. Kupaki kukakhala zochitika, alendo amaimika galimoto mpaka pageti panu, zimkuzamawu n'kumalira mpaka pakati pa usiku. Okhala moyang'anizana ndi pakiyo ndiwo amalimva, ife a msewu wachitatu timangomvera patali.

Ine ndingasankhenso kuno. Koma mukamakaona nyumba, musapite Lachiwiri m'mawa kuli zii. Pitani Loweruka madzulo, muime pageti theka la ola, ndipo mwininyumba akulembereni papepala ndalama iliyonse yomwe siili mu lendi musanagwire cholembera.