Akati "sitinatsimikize": za matenda otupitsa matumbo, kwa inu muli kumudzi

Mukaimba foni funso limakhala limodzi: "Nanga apeza chiyani?" M'bale wanu ali kuno kunja akayankha kuti madokotala akukayikira matenda a Crohn kapena ulcerative colitis koma sanatsimikize, kwanuko mumaona ngati akubisa, mwinanso achipatala akumunyalanyaza poti ndi mlendo. Kawirikawiri si choncho. Matenda awiriwa, omwe amatupitsa matumbo ndipo pamodzi amatchedwa IBD, alibe kuyeza kumodzi konena kuti inde kapena ayi. Chitetezo cha m'thupi ndicho chimaukira matumbo, ndiye palibe kachilombo koti aone n'kuloza kuti ndi aka.

Munthu akatsegula m'mimba kwa milungu ingapo, chimbudzi chili ndi magazi kapena ntchofu, akuwonda, amayamba ndi kuyeza magazi ndi chimbudzi. M'chimbudzimo amafuna tizilombo ta kamwazi monga Shigella, Salmonella, Campylobacter ndi amoeba, kenaka amayeza calprotectin, yomwe imachuluka matumbo akatupa. Ikakhala pansi pa 50 IBD ndi yokayikitsa, ikadutsa 250 kutupa kulipo ndithu. Pakatipo ndiye pamatopetsa, chifukwa amangoti mubwerenso pakatha milungu ingapo tidzayezenso. Ibuprofen ndi diclofenac amaikweza nambalayi, tizilombo natonso timaikweza, choncho siuza dokotala chomwe chatupitsa.

Chotsatira ndi colonoscopy, kuunika m'matumbo aakulu ndi kapaipi kokhala ndi kamera. Dzulo lake ndi m'mawa wake munthu amamwa mankhwala otsuka m'mimba, malita 2 mpaka 4 kutengera mtundu wake, mpaka chotuluka chikhale madzi oyera. Mapilitsi owonjezera magazi amasiyidwa sabata imodzi tsikulo lisanafike, chifukwa amadetsa matumbo. Ena amalekera botolo panjira poti ndi lonyansa kukamwa, ndiye kamera imangoona zotsalira ndipo zonse zimayambiranso. Kapaipiko kamayenera kufika kumapeto kwa matumbo aang'ono, ndipo amatsina tizidutswa ta mnofu tosachepera tiwiri pamalo asanu, ngakhale pooneka bwinobwino.

M'mabuku kusiyana kwake n'koonekeratu. Ulcerative colitis imayambira pafupi ndi kotulukira chimbudzi n'kumakwera mosadukiza, ndipo imangodya khungu lam'kati. Crohn imatha kugwira paliponse kuchokera m'kamwa mpaka kunsi, imalumpha malo ena, imaboola khoma lonse la thumbo. Koma thupi siliwerenga mabuku. Akaunika matenda atangoyamba, mnofu umaoneka ngati wa kamwazi wamba, chifukwa zizindikiro za kutupa kwa nthawi yaitali zimatenga milungu kuti zikhazikike. Akaunika munthu atayamba kale mankhwala, ulcerative colitis imapola mwa apa ndi apo n'kumaoneka ngati Crohn. Mwa anthu 10 omwe matendawa agwira matumbo aakulu okha, pafupifupi mmodzi amatsala ndi dzina loti IBD unclassified, kutanthauza kuti ndi IBD koma sizikudziwika kuti ndi uti. Ena dzinalo limadzasintha patapita zaka.

Kwa munthu amene anakulira kumene chifuwa chachikulu n'chofala, mfundo yovuta kumasula ili apa. TB imagwiranso matumbo, ndipo imakonda malo omwewo amene Crohn imakonda, pokumana matumbo aang'ono ndi aakulu, kumunsi chakumanja kwa mimba. Zonse ziwiri zimawondetsa, zimatenthetsa thupi, zimapanga timagulu ta maselo totchedwa granuloma. Odziwa amayang'ana tinthu ting'onoting'ono: zilonda za TB zimakonda kuzungulira thumbo, za Crohn zimatsata m'litali, granuloma ya TB imakhala yaikulu ndi yowola pakati, zilonda zoboola pafupi ndi kotulukira chimbudzi zimaloza ku Crohn. Komabe kachilombo ka TB kamaoneka m'tizidutswa tochepa chabe, GeneXpert, makina oyezera TB, imaphonya kawirikawiri pa mnofu wa m'matumbo, ndipo kukameretsa mu labotale kumatenga mpaka milungu 6 kapena 8. Kuyeza magazi kwa QuantiFERON kumangosonyeza kuti thupi linakumanapo ndi TB, zomwe kwa ambiri a ife si nkhani yachilendo. Eksirei ya pachifuwa imatha kukhala yoyera TB ili m'matumbo.

Kulakwitsa apa sikufanana mbali zonse. Wa Crohn akamwa mankhwala a TB amachedwa kuchira ndipo chiwindi chimavutika. Wa TB akapatsidwa prednisolone kapena infliximab, mankhwala a IBD omwe amafooketsa chitetezo, TB imatha kumwazika thupi lonse n'kumupha. N'chifukwa chake zikakanika kusiyanitsa, madokotala ambiri amayamba ndi mankhwala a TB kwa miyezi 2 kapena 3 n'kuunikanso ndi kamera. Kungomva bwino sikokwanira, pakuti ena a Crohn amapezako bwino kwa kanthawi. Umboni ndi zilonda kupola.

Ngozi yomweyi ilipo ndi amoeba, yomwe ikakumana ndi prednisolone imatha kuboola thumbo, ndiponso kanyongolotsi kotchedwa Strongyloides, komwe kamakhala chete m'thupi zaka makumi. Likodzo la m'matumbo nalo limatulutsa magazi m'chimbudzi. HIV amayezanso. Dokotala amene sanagwirepo ntchito m'mayiko otentha mwina saziganizira zimenezi msanga, ndiye wodwala anene yekha, asanafunsidwe, kumene anakulira, ngati ankasamba m'nyanja kapena m'mitsinje, ndiponso ngati m'nyumba munali wa TB. Ena amabisa za TB poopa mapepala awo okhalira m'dziko, koma kubisako n'kumene kumam'tengera munthu ku mankhwala olakwika.

Apa ndi pomwe inu mungathandize kuposa kutumiza mankhwala. Jambulani makadi akale a kuchipatala ngati alipo. Kumbukirani amene anadwalapo TB pabanja ndi chaka chake, ndiponso ngati alipo wachibale wa magazi amodzi amene amavutika ndi m'mimba mwa mtundu umenewu. Mapilitsi opha tizilombo kapena opha ululu omwe munthu wamwa mwa yekha amasokoneza zoyeza, ndipo loperamide, woletsa kutsegula m'mimba, ndi woopsa chimbudzi chikakhala cha magazi.

Pali nthawi yomwe dzina la matenda silidikiridwa. M'bale wanu akakuuzani pa foni kuti akupita kuchimbudzi ka 6 kapena kuposa pa tsiku ndi magazi, thupi latentha kapena mtima ukugunda mopitirira 90 pa mphindi, musamuuze kuti apirire mpaka tsiku limene anamulembera. Apite kuchipatala cha odwala mwadzidzidzi tsiku lomwelo, atatenga mapepala a zoyeza zonse ndi mabokosi a mankhwala amene wakhala akumwa.