Miyezi 8 ndi kamakina kosamutsira makaseti akale pa kompyuta

Mnzanga wandifunsa dzana ngati nayenso agule kamakina ngati kangaka, kaja kooneka ngati Walkman koma kali ndi chingwe cha USB, nde ndati bola ndingofotokoza zonse poti patha miyezi 8 chikagulireni.

Kumbali ya kompyuta kalibe vuto, ukangolumikiza imakazindikira pompo, ndimajambulira mu pulogalamu ya Audacity yomwe ndi yaulere. Makaseti a C60 ndi C90 (a mphindi 60 ndi 90) oyambirira anadutsa bwinobwino.

Mwezi wachinayi ndi pomwe zinavuta. Tepi imayenera kuyenda 4.76 cm pa sekondi osasinthasintha, koma mawu anayamba kukokeka ngati woyimbayo waledzera. Ndinapukuta hedi (kachitsulo kowerenga tepi) ndi kagudumu ka labala kokoka tepi kaja ndi thonje lonyowetsa mu spiriti wa isopropyl, zinakhala bwino tsiku limodzi basi, mawa lake kanatafuna kaseti ya C120 yomwe muli mawu a malemu bambo anga, ndipo ma C120 paja tepi yake ndi yopyapyala kwambiri poti amaipanikiza mphindi 60 mbali iliyonse. Eish, manja ankachita kunjenjemera. Mwayi wake kasetiyo inali ya masikuluu, osati zomata zija zofuna kuswa, nde ndinamasula, kudula pomwe panakwinyika, kulumikiza ndi splicing tape (chomatira chapadera cha matepi a makaseti) kumbuyo kwake. Selotepi musayerekeze, guluu wake amadzatuluka m'mbali n'kumata tepi yonse. Kansalu kaja kokanikiza tepi ku hedi kanali katagwanso, choncho ndinasamutsira zonse m'chikhokho cha kaseti ina n'kukulunga ndi pensulo pang'onopang'ono. Mawu awiri atatu a bambo anapita, sadzabweranso.

Nditatsegula kamakinako ndinapeza lamba wa mota watamuka ngati wakale zaka 20. Wogulitsa ndinamulembera katatu, lisiti ndili nalo, yankho lake akuti makaseti anuwo ndi akale. Nanga kamakinako ndinagulira makaseti atsopano? Kenako anangoti zii. Lamba ndinagula ndekha, kuvutika kupeza saizi yake, pano kakuyenda bwino ndithu.

Masiku ena ndikamamvera bambo akuseka pa foni yanga ndimati ndalama ija sinapite pachabe. Koma ndikawonkhetsa ya lamba, spiriti ndi splicing tape, ndikanangowonjezera pang'ono n'kugula deki (makina akulu oyimbira makaseti) yakale yokonzedwa bwino. Mnzangayo ndamuuza kuti ngati akufunabe, asagule kwa munthu ameneuja, ndipo ayambe kuyesera kaseti yopanda ntchito.