Banki mkhonde yathu ya kwa Mpondasi, chaka chatha ndili mkatimo, nazi zomwe ndaona

Anzanga ambiri akhala akundifunsa kuti kodi banki mkhonde ija munalowa ikuyenda bwanji, ndi yothandizadi kapena ndi zongotayitsana nthawi, ndiye poti tagawana sabata yatha ndati ndilembe zonse kamodzi aliyense aziwerengera yekha.

Gulu lathu lili kuno kwa Mpondasi kufupi ndi pa boma la Mangochi, tilipo anthu 20, timakumana Lamlungu lililonse 3 koloko pansi pa mtengo wa mango kwa mayi msungichuma. Sheya imodzi ndi K2,000 ndipo munthu utha kugula kuyambira imodzi mpaka 5 pa sabata, kuphatikizapo K500 ya thumba la zangozi yomwe aliyense amaponya, olemera osauka chimodzimodzi. Bokosi lake ndi lachitsulo la maloko atatu, makiyi amasunga anthu atatu osiyana ndipo amene amagona ndi bokosilo alibe kiyi ngakhale imodzi. Njira imeneyi anaiyambitsa a bungwe la CARE ku Niger mu 1991 koma pano yafika paliponse, ku Namwera, ku Malindi, ku Makawa mupeza magulu otere. Ngongole timabweza ndi 20 pa 100 pakatha mwezi, ena amati yakwera koma amene anakongolako kwa a katapila akudziwa kuti kumeneko K10,000 imatha kubwerera ili K15,000 mwinanso K20,000, ndipo amakulanda khadi la ku banki kapena foni ngati chikole.

Zabwino zake ndiyambe nazo. Ndalama imapezeka tsiku lomwelo, palibe kudzaza mafomu, palibe kufola pa banki dzuwa la kuno likuswa mtengo. Mwana wanga atadwala malungo mu February ndinakongola K30,000 tsiku lomwelo ndikukwera kabaza wa ku chipatala, thumba la zangozi linandiwonjezera K10,000 yosabweza. Mlembi wathu ndi wosamala, amawerenga ndalama mokweza pa mphasa aliyense akuona, akatha aliyense amabwereza chiwerengerocho pakamwa. Pa nkhani ya chilungamo ndilibe dandaulo.

Koma chomwe chandikhudza kwambiri ndi china. Tsiku lina mu June, nthawi ya mwera nyanja itavuta, tikudikira anthu ochedwa, wapampando anangofunsa mocheza kuti "kodi anzanga, wina atamakupatsani K50,000 yapadera mwezi uliwonse mungapange nayo chani?" Ndiye mayankho ake ndi amene anandionetsa kuti timakhala pa mphasa imodzi koma sitili pamodzi ayi.

Oyamba kuyankha anali aphunzitsi a ku sekondale, iwo anati yonseyo angagulire simenti, ali ndi puloti ku mseu wa ku Monkey Bay ndipo akufuna amange nyumba ziwiri za lendi. Mayi wina amene amuna awo ali ku Joni ndipo amalandira ndalama pa Mukuru mwezi ndi mwezi anati angasunge miyezi ingapo agule filiji azigulitsa madzi ozizira ndi mafilizesi, kuno kutentha kwake bizinesi imeneyo siifa. Achimwene a kabaza anati angamaponye pa njinga yamoto yawoyawo asiye kuperekera abwana ndalama ya tsiku, amati zimawawa kudzuka 4 koloko mmawa kenako theka la thukuta lako likapita kwa munthu amene ali gone.

Kenako anafunsidwa mayi ena achikulire ogulitsa usipa, amasiye, akulera zidzukulu zitatu. Anayamba akhala kaye chete akupinda nsonga ya chitenje chawo, kenako anati, "mwana wanga, ine ndingagule thumba la chimanga lathunthu, ndisiye zogula ufa wa wokumani tsiku ndi tsiku, yotsalayo sopo ndi nsapato za kamtsikana kaja." Basi. Sanatchule malata, sanatchule geni. Wina anati koma anganga bwanji osawonjezera mpamba, iwo anayankha kuti mpamba umadyedwa ndi njala ya pakhomo, chigoba cha usipa ukapikula mmawa ku doko, ukayanika pa thandala, pofika madzulo ana akulira umatapako womwewo kuti ukhale ndiwo. Ine mawu amenewo anandikhala pamtima mpaka lero.

Ndipo ndi momwemo zinayendera chaka chonse. Aphunzitsi aja amagula masheya 5 sabata iliyonse osadumpha, ngongole anatenga kamodzi kokha. Anganga aja amagula sheya imodzi, nthawi zina kuchita kukongola kwa mnzawo kuti asalipe faini, koma ngongole amatenga pafupifupi mwezi uliwonse, K20,000, K25,000, kukapikula usipa ku Makawa kapena kambuzi wa ku Malombe, kubweza ndi chiwongoladzanja chake, kutenganso. Nthawi yotseka nyanja kumapeto a chaka nsomba zitasowa anavutika zedi kubweza, anagulitsa nkhuku zawo ziwiri. Tsono tsiku logawana lafika, phindu limagawidwa potengera masheya, aphunzitsi analandira pafupifupi K670,000 pa K480,000 yomwe anaponya, anganga kupitirira pang'ono K130,000 pa K96,000 yawo. Nditawerengera kunyumba ndinapeza kuti chiwongoladzanja chomwe anganga anapereka chaka chonse chikuposa phindu lomwe analandira. Kutanthauza kuti ndalama ya usipa ija ndi imene yakagula simenti ya aphunzitsi. Palibe anaba, malamulo tinagwirizana tonse, aphunzitsiwo ndi munthu wabwino amathandiza pa maliro aliwonse, koma zinandipweteka ndithu.

China chomwe muyenera kudziwa musanalowe ndi kugwa kwa kwacha. Tonse tikukumbuka November 2023 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, isanapole ija ya 25 peresenti ya May 2022, amene anasunga mu bokosi nthawi imeneyo pogawana anapeza kuti ndalama yachuluka pa pepala koma malata omwe amafuna sakukwana. Apanso wopeza bwino amapulumuka chifukwa iye akangogwira ndalama amaisandutsa njerwa, mbuzi, simenti, pomwe wosauka imapitira mu mphika mitengo ya shuga ndi mafuta ophikira itakwera kale. Ndi chifukwa chake ine ndimati ngakhale Mtukula Pakhomo uja, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, anthu asamanyoze olandira kuti angodya ndalamayo, munthu amene anagona ndi njala dzulo ndalama yake yoyamba imapita ku chimanga basi.

Palinso nkhani ya chipembedzo, kuno Asilamu ndi ambiri ndipo ena sagwirizana ndi za chiwongoladzanja. Neba wanga anakana kulowa pa chifukwa chimenecho, iye ndi anzake amapanga chipeleganyu, aliyense amaponya yofanana ndipo amalandira mosinthana popanda kuwonjezerapo kanthu, amakonza kuti ena alandire Eid ikuyandikira. Ngati inu muli choncho banki mkhonde ngati yathuyi sikuyenerani, funani chipeleganyu cha anthu odziwana bwino.

Zina zazing'ono zondinyansa, anthu amachedwa ngakhale pali faini ya K200, ndipo ena akuyamba kutumiza sheya pa Airtel Money kapena Mpamba osabwera okha, zomwe zikupha kucheza kuja komanso ya kashi awuti imakanganitsa kuti alipire ndani.

Kuipatsa malikisi, ine ndingati 7 pa 10. Kwa munthu wa salale kapena wolandira kuchokera ku Joni, amene mwezi ukatha kamatsalako kenakake, ndi 9 ndithu, lowani musachedwe. Kwa munthu wa ganyu kapena geni yaing'ono ndi 5, imakupulumutsa ku katapila, imakugwira dzanja pa matenda, koma siikukweza.

Ine ndalowanso chaka chino, ndipo pa msonkhano woyamba ndinapempha zinthu ziwiri, kuti chiwongoladzanja chitsike chifike pa 10 komanso theka la chiwongoladzanja chomwe munthu wapereka lizimubwerera yekha pogawana. Aphunzitsi aja ndi amene anayamba kuvomera, anati iwonso anaziona tsiku lija ndipo sanagone bwino, koma ena atatu akukana akuti phindu lichepa. Tivota Lamlungu likubwerali. Anganga aja alembetsanso sheya yawo imodzi, pa K130,000 ija agula matumba a chimanga ndi nsapato za kamtsikana kaja, zakuda za kusukulu, anabwera nako ku msonkhano katavala.