Inshuwalansi ya moyo: ya zaka zowerengeka kapena ya moyo wonse?

Anzanga akhala akundifunsa kuti asankhe iti, poti akudziwa kuti ine ndinalowa mitundu yonse iwiri. Ndiyankhe kamodzi pano.

Ya zaka zowerengeka, yomwe pa mapepala amalemba kuti term, mumasankha zaka 10, 20 kapena 30. Mukamwalira mkati mwa zakazo banja limalandira ndalama zomwe munagwirizana, mukadutsa muli moyo palibe chobwerera. Ya moyo wonse siitha malinga mukulipira, ndipo amakuuzani kuti gawo la ndalama zanu likusungidwa.

Mawu akuti "likusungidwa" ndi amene anandikola. Mwana wathu woyamba atangobadwa, wogulitsa anandionetsa pepala la manambala okwera chaka ndi chaka, nati ndikhala ndikuteteza banja uku ndikusunga. Ndinasaina tsiku lomwelo. Patatha zaka zitatu ntchito inandithera, ndiye ndinapita kukafunsa zomwe ndasunga. Mayi amene anandilandira anatsegula fayilo yanga n'kundilozera ndi cholembera tsamba lakumapeto, pomwe panalembedwa kuti surrender value, kutanthauza ndalama zomwe amakubwezerani mukasiya inshuwalansiyo panjira. Tsamba limenelo ndinali ndisanaliwerengepo. Ndalama zomwe akanandibwezera sizinkafika ngakhale theka la zomwe ndinapereka. Nkhongono zinandizizira ndili pampando pomwepo.

Chomwe chimachitika n'choti zaka zoyambirira gawo lalikulu la ndalama zanu limapita ku komishoni ya wogulitsa, ku ndalama zoyendetsera kampani ndi ku chitetezo chenichenicho. Zosungidwazo zimayamba kuoneka pakapita zaka zambiri. Zonsezi zinalembedwa m'pangano, sindikana, koma wogulitsa uja anakhala nane ola lathunthu osatchulapo. Mpaka lero zimandiwawa.

China ndinachizindikira mochedwa. Poti inshuwalansiyi inali yodula, ndinasankha ndalama zochepa zoti banja lidzalandire kuti ndizikwanitsa kulipira pamwezi. Ndikanamwalira nthawi imeneyo, mayi a kunyumba sakanatha nazo zaka ziwiri. Ndalama yomweyo ya pamwezi ndikanaika pa term, chitetezo chikanakula kangapo, chifukwa kumeneko mumalipira chitetezo chokha basi. Alangizi ambiri amati muyambire kuwerengera pa malipiro anu a zaka 10, kenaka muonjeze ngongole ndi maphunziro a ana.

Ya moyo wonse ili ndi eni ake. Kholo la mwana wolumala amene adzafuna chithandizo moyo wake wonse, ndipo lili ndi ndalama zolowa mosadukiza, likhoza kupindula nayo. Nayo term ili ndi chilema chake: ikatha muli wamkulu, kugula ina kumadula kwambiri, ndipo ngati mwayamba kudwala akhoza kukukanani. N'chifukwa chake muziwerengera kuti zakazo zifike pamene mwana wotsiriza adzaime payekha.

Palinso mitundu ina. Ya maliro imalipira msanga koma ndi yochepa, ndipo kawirikawiri pamakhala miyezi 6 yodikira ngati imfa yabwera ndi matenda. Ya pa ngongole imalipira banki, osati ana anu. Ya kuntchito nthawi zambiri imathera limodzi ndi ntchitoyo. Yanga inatha mwezi womwe ntchito inandithera uja.

Iliyonse yomwe mungasankhe, musabise kanthu pa fomu. Kusuta, shuga, BP, lembani zonse. Makampani ambiri amafufuza mozama imfa yochitika m'zaka ziwiri zoyambirira, ndipo akapeza kuti munabisa, wolira kawiri ndi wamasiye. Funsaninso masiku omwe amakudikirani mukachedwa kulipira, kawirikawiri amakhala pafupifupi 30.

Ine pano ndili pa term ya zaka 20, ndipo ndalama yotsalayo ndimasunga padera pomwe ndingaitenge osadulidwa. Ndisanasaine ndinayambira kuwerenga tsamba lakumapeto, mayi a kunyumba ali pambali panga, ndipo envelopu ya mapepalawo amasunga ndi iwo.