Ma insuleta a pulasitiki a waya wamagetsi wa pampanda: nyenyezi ziwiri mwa zisanu

Ndinagula ma insuleta awa, timapulasitiki takuda tija togwira waya pa zitsulo za pamwamba pa mpanda, chifukwa anali otsika mtengo kwambiri kuposa ena amene anali pashelefu yomweyo. Wogulitsa anati onse ndi amodzimodzi. Kumangirirapo waya n'kosavuta, ndipo chaka choyamba sanandivute. Nyenyezi ziwirizo ndi za zimenezi basi.

Mavuto anayamba chaka chachiwiri, itangogwa mvula ya chizimalupsa. Alamu inkalira pakati pa usiku, ana n'kudzuka ndi mantha, ine n'kuzungulira mpanda wonse osapeza munthu kapena nthambi yokhudza waya. Usiku wina ndinazimitsa tochi n'kuima phee mumdima. Pakona ya kuseri kwa khitchini ndinaona kamoto kabuluu kakuthetheka kuchoka pawaya kupita pachitsulo, kakulira kuti tha, tha, pafupifupi sekondi iliyonse. M'mawa ndinazimitsa makina otumiza magetsi ku waya wa pampanda n'kuchotsa insuletayo. Inali itatuwa mbuu ndi dzuwa, ming'alu paliponse, ndipo panali kamzere kopsa kopyapyala ngati ulusi, kuyambira pogona waya mpaka pa bauti. Nditakanda ndi chikhadabo, chala chinada mwaye.

Bambo amene amatikonzera magetsi anandikhazika pansi n'kundifotokozera, ndipo ndikufuna nanunso mumve musanataye ndalama. Pulasitiki amatchinga magetsi, inde, koma ali ndi malire ake. Magetsi a m'nyumba zathu ndi mavolti 230, pomwe makina a pampanda wanga amatumiza pafupifupi 8,000. Pa mphamvu yotere ngakhale mpweya weniweniwu umagonja: wouma umapirira mavolti pafupifupi 3,000 pa milimita imodzi, kupitirira apo moto umangodumpha. Tsono dzuwa likang'amba pulasitiki, fumbi la mu Okutobala limalowa m'ming'alumo, mame kapena mvula n'kulinyowetsa, magetsi n'kupeza njira yachidule. Choipa kwambiri n'chakuti kuthetheka kulikonse kumawotcha pulasitikiyo pang'ono n'kusiya makala, ndipo makalawo amadutsitsa magetsi. Njirayo ikangotseguka siitsekekanso, ngakhale kunja kuume gwa. N'chifukwa chake kutsuka kumene ndinayesa sikunathandize kanthu.

Ndinayesanso kukulunga ina ndi tepi yakuda ya magetsi. Bambowo anandionetsa zolembedwa pa tepiyo: mavolti 600. Moto unaiboola usiku womwewo.

Atayeza ndi mita yawo kumapeto kwa waya anapeza mavolti osakwana 3,000. Izi n'zimene zinandipweteka mtima, chifukwa timagona tikudalira mpanda umene mphamvu yake yambiri inkathera m'zitsulo n'kulowa pansi. Tinazungulira limodzi ndipo tinapeza ma insuleta 14 ali ndi kamzere kopsa komweko, ambiri mwa iwo mbali imene dzuwa limaomba kuyambira masana mpaka madzulo.

Tinachotsa onse. M'malo mwake tinaika ochindikala, olembedwa kuti amapirira dzuwa, okhala ndi mphete zotukuka zimene zimatalikitsa njira yochokera pawaya kukafika pachitsulo. M'makona, mmene waya umakoka mwamphamvu, tinaika adothi owotcha, onyezimira ngati kapu ya tiyi, chifukwa amenewo sapsa n'kusanduka makala. Mita inabwerera pa 8,000, ndipo dzinja lonse latha alamu siinalirenso pachabe. Koma ndalipira kawiri, kuwonjezapo ya mmisiri ya masiku awiri.

Abale anga amene munaika kale otchipawa, dikirani usiku wa mvula kapena wa chiperoni, muzimitse magetsi apanja, muyende m'mbali mwa mpanda mukumvetsera. Pamene mwamva kulira kuja ikanipo chizindikiro ndi choko pakhoma, ndipo musakhudze kanthu mpaka mutazimitsa makina ndi batire yake yomwe.