Zithunzi za Abraham Bosse zija, mmene zilili pano dzinja litadutsa

Pamene ndinkazipachika mu shopu chaka chatha ndinangoti ndi zokongola basi, pano zakhalitsa pakhoma, zawona fumbi la Okutobala ndi mvula yonse ya Zomba, ndiye nditha kunena zoona zake. Kwa amene simunamve, ndine telala, ndipo achemwali anga a ku Leeds ananditumizira makope a zithunzi za Bosse, katswiri wojambula wa ku France wobadwira ku Tours amene anamwalira ku Paris mu 1676. Si zenizeni zakalezo ayi, ndi makope ogula pa intaneti, ena pa pepala lonyezimira ngati la mafoto, ena pa pepala lokhuthala losawala.

Ndiyambe ndi pepala poti ndi pomwe ndalama imapita. Onyezimira aja andikhumudwitsa. Chinyezi chitangoyamba anamatirira ku galasi la fulemu, pena pake pakuoneka ngati pathiridwa madzi, ndipo limodzi lomwe linali pafupi ndi windo inki yake yayamba kupita ku buluu. Osawala aja ali bwinobwino, anangopindika pang'ono m'mbali mu Febuluwale kenako nkuwongoka okha kutayamba kuuma. Kalipentala amene anandikhomera mafulemu achiwiri anaika kakatoni kodulidwa pakati kuti pepala lisakhudze galasi, ndipo amenewo alibe vuto olo pang'ono, nkhungu sinalowe. Khoma lakunja lomwe limamwa madzi musapachikepo, zimenezo nde ayi.

Koma nkhani yaikulu ndi saizi. Zithunzi izi Bosse sankazijambula ndi bulashi, ankatenga chitsulo cha mkuwa nkuchipaka vanishi wolimba, nkumakanda ndi singano, kenako asidi amadya mmene mwakandidwamo, inki nkulowa mmizeremo, pepala lonyowa nkupanikizidwa pa makina. Njira ya vanishi wolimba ndi singano yosongoka mopendekera anatengera kwa wojambula wina, Jacques Callot wa ku Nancy, ndipo mu 1645 analemba buku lophunzitsa zonsezi. Ndiye chithunzi chonse ndi mizere yokhayokha, mzere umodzi umayamba wowonda nkunenepa pakati nkuwondanso, mthunzi wa nsalu ndi mizere yopingasana. Kopi ikakhala yaing'ono mizere ija imagwirana nkukhala chimdima chabe, lesi wa pakolala amangooneka ngati phala. Awiri mwa amene ndinalandira ali choncho ndipo ndinawatsitsa. Ndinakapeza zomwezo pa webusayiti ya Metropolitan Museum ya ku New York, iwowa kuyambira 2017 amalola kutenga zithunzi za zinthu zakale ulele, ndinasindikiza pa A3 pa pepala losawala ndipo zikuposa zogula zija kutalitali. Pa Gallica, webusayiti ya laibulale yaikulu ya ku France, ziliponso zambiri.

Chimene ndimachiyang'ana tsiku lililonse ndi cha Galerie du Palais, cha m'ma 1630. Ndi malo ogulitsira malonda ku Paris, mashopu atatu ondondozana, wina wa mabuku, wina wa magolovesi ndi zokupizira mphepo, wina wa makolala a lesi atapachikidwa mzere, anthu olemera akuyendayenda kutsogolo kwake. Poyamba ndinkangoona zipewa za nthenga ndi jombo zopindidwa kukamwa, pano ndimaona msoko. Mikono ya madiresi ndi yotupa koma yomangidwa pakati ndi kariboni, chiuno chakwezedwa mmwamba, ndipo siketi makwinya ake akuyambira pomwe ayenera kuyambira, ukhoza kudziwa kuti nsalu iyi ndi yolemera iyi ndi yopepuka. Bambo ake a Bosse anali telala, ine nditamva zimenezo ndinati eya nchifukwa chake, munthu uyu anakulira pafupi ndi sizasi. Mkono umenewo ndinauyesa pa diresi ya chitenje ya mayi wina wa chinkhoswe, unatuluka bwino ngakhale chitenje ndi chouma sichigwa ngati silika, ndinachita kuchepetsa nsalu kuti asaoneke ngati wanyamula mapilo.

China chomwe makasitomala amafunsa kwambiri ndi cha bambo wa kunyumba ya mfumu atavala zopanda zokongoletsa. Mu 1633 mfumu Louis XIII inaletsa kuvala malesi odula ndi zopeta zagolide chifukwa ndalama zinkathera kugula za kunja, ndiye Bosse anajambula bamboyu atasintha zovala motsatira lamulo, palinso china cha mayi. Ndikawafotokozera anthu amaseka, wina anati boma lathu litayesa zimenezo pa masuti a ukwati kungakhale mademo.

Cha anthu otchuka ndili nacho chimodzi, mwambo wa pangano la ukwati wa mfumu ya ku Poland Ladislas IV ndi Marie-Louise de Gonzague ku Fontainebleau mu 1645, mfumu ya ku France Louis XIV ali kamwana ka zaka 7. Kunena zoona ichi sichinandigwire mtima, anthu ndi ambiri, nkhope zing'onozing'ono zofanana, chimafunika kuchiyang'ana pafupi utakhala pansi osati pakhoma la shopu. Bosse amakoma akamajambula anthu ali pa ntchito kapena pa malonda, monga cha wosoka nsapato akuyesa phazi la mayi. Ankalimbikira kwambiri masamu a kajambulidwe ka chipinda kuti zakutali zizichepa moyenera, mpaka anakangana ndi anzake ku Académie royale, bungwe la mfumu la akatswiri ojambula, nkuchotsedwa mu 1661, ndipo ukayang'ana matailosi apansi mzithunzi zake umaona kuti munthuyu anali wamakani ndithu, palibe mzere wokhota.

Mavesi a Chifalansa omwe ali mmunsi mwa zithunzi ndimangowasiya, foni imamasulira zosamveka poti kalembedwe kake nkakale. Amene mukufuna kugula funsani kaye saizi ndi mtundu wa pepala musanatumize ndalama, akakuuzani kuti ndi lonyezimira kapena ndi laling'ono kuposa A4 asiyeni, bola kukasindikiza nokha.